Mlatho wa njanji wa ku Münchenstein: malamba a kaboni osamata ndi guluu

Vuto la mlatho uwu silinayambe ndi mng'alu wooneka ndi maso kapena chitsulo chopindika. Linayamba ndi masamu. Mainjiniya atawerengera mphamvu zimene mitanda yake yopingasa imalandira sitima yolemera ikamadutsa, anaona kuti m'mphepete mwa mabowo a mariveti (misomali ya mitu iwiri yolumikizira zitsulo) chitsulo chikukokeka kufika pamlingo woti kukokekako kukabwerezedwa kambirimbiri, tsiku lina mng'alu udzabadwa basi. Nthawi imeneyo mlathowo unali utatha zaka pafupifupi 120. Ine sindinali m'gulu limene linaukonza. Ndine wa ntchito ya milatho ndi nyumba zazitsulo ngati inu nomwe, ndipo nkhaniyi ndaitsatira chifukwa njira imene anasankha inasemphana ndi zimene ambirife timaganiza tikamva za malamba a kaboni olimbitsira zitsulo, zoti ndi kupala chitsulo, kupaka guluu, kumata, basi kwatha.

Malowo ali ndi mbiri yake

Münchenstein ndi tauni yaing'ono kufupi ndi mzinda wa Basel ku Switzerland. Njanji yochokera ku Basel kulowera ku Delémont imawoloka mtsinje wa Birs pamenepo. Mlatho woyamba pamalopa unatha kumangidwa mu 1875, ndipo anaumanga ndi a kampani ya Gustave Eiffel, mwini nsanja ija ya ku Paris. Pa 14 June 1891 unagwa sitima yodzaza anthu ili pamwamba, anthu oposa 70 n'kufa. Mpaka lero dzikolo silinaonenso ngozi ya sitima yopha anthu ochuluka chotero. Mmodzi mwa ofufuza chifukwa chake anali Ludwig von Tetmajer, mkulu woyamba wa bungwe loyesa zipangizo zomangira limene lero limatchedwa Empa, ndipo kafukufuku wake anaonetsa kuti masamu a katswiri wakale Euler owerengera kupindika kwa zitsulo zopanikizika ankafunika kukonzedwa. Mu 1892 anamanga mlatho wina, wa chitsulo chosula cholumikiza ndi mariveti, wautali mamita pafupifupi 45 wopanda nsanamira pakati. Umenewo ndiwo mlatho wa nkhani yathu. Mwini wake ndi kampani ya njanji ya dzikolo, SBB, ndipo amene anabwera kudzaufunira mankhwala utakalamba anali a Empa omwewo. Pamalo otere palibe injiniya angasewere ndi chitsulo.

Zimene anapeza

Pa mlatho wa mtundu uwu kulemera kwa sitima kumatsika motere: kuchokera pa njanji kupita pa mitanda yotsata njanji, kuchokera apo kupita pa mitanda yopingasa, kenako pa zitsulo zikuluzikulu za m'mbali ziwiri zimene zimakatula katundu yense kumapeto. Amene sanagwirepo ntchitoyi amayang'ana zitsulo zikuluzikuluzo, poti ndizo zooneka. Koma zitsulo za m'mbalizo zimakokeka kamodzi sitima yonse ikamadutsa, pamene mtanda wopingasa umakokeka n'kumasuka gulu lililonse la mawilo likamaponda pamwamba pake. Sitima imodzi yokha ndiye kuti mtandawo wapindidwa kambiri. Muwerengere zimenezo kwa zaka zoposa 100.

Aliyense amene anaumbapo galimoto ya mawaya ali mwana akudziwa chimene chimachitika. Waya sumudula ndi mphamvu. Umangomupinda uku ndi uku, pang'onopang'ono, mpaka amathyoka yekha pamalo amodzimodziwo. Kumeneko ndiko kutopa kwa chitsulo. Ndipo pa mtanda wa mariveti malo othyokera amakhala okonzeka kale, chifukwa bowo lililonse limasonkhanitsa mphamvu m'mphepete mwake. Pa chitsulo chotambalala chokhala ndi bowo lozungulira, kukokeka kwa m'mphepete mwa bowolo kumafika katatu poyerekeza ndi kwa chitsulo chapatali nalo. Mng'alu umayambira pamenepo, pansi pa mutu wa riveti, pomwe diso la woyendera mlatho silifika.

Gululo linaumba mlatho wonse pa kompyuta, n'kuyerekeza zotsatira zake ndi zimene linayeza pa mlatho weniweni sitima zikudutsa. Malo oopsa anapezeka pakatikati pa utali wa mitanda yopingasa, yomwe ndi yaitali mamita pafupifupi 5, pa mbali yake ya pansi imene timaitchula flange, pamabowo a mariveti. Sitima zopepuka zonyamula anthu sizinali nkhani yaikulu. Zolemera zonyamula katundu ndizo zinkakankhira chitsulocho kumalo kumene moyo wake umakhala wowerengeka.

Apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa zonse zotsatira zikutsamira pamenepa. Mtandawo sunali wofooka ayi. Ukanatha kunyamula sitima yolemera kamodzi, kakhumi, kachikwi, osadandaula. Matenda ake anali kubwerezabwereza. Ambiri a ife tikaona chitsulo chakale timathamangira kuwonjezera nyama, kutanthauza kuchichindikalitsa, pamene funso loyamba liyenera kukhala lakuti chitsulochi chikusowa mphamvu, chikusowa kuuma, kapena chikutopa?

Njira zimene zinakanika

Kuwotcherera chitsulo china pansi pa mtanda ndiyo njira imene mmisiri aliyense angayambe waganiza. Pa chitsulo chosula siyenda. Chitsulo chimenechi chili ndi timizere ta zinyalala za m'ng'anjo totsatira utali wake, ngati mitsempha ya thabwa, ndipo kutentha kwa kuwotcherera kumatha kuchisiyanitsa m'timizere timeneto. Ngakhale pa chitsulo chabwino, mapeto a msoko wowotcherera ndi malo amene mng'alu wa kutopa umakonda kuyambira. Ukhala wachotsa vuto pa riveti n'kulisamutsira pa msoko.

Kumanga chitsulo china ndi mabawuti kumafuna mabowo atsopano kapena kuzula mariveti akale. Mabowo ndiwo anali gwero la vutolo. Komanso chitsulo chowonjezeracho n'cholemera, chimafuna zonyamulira, ndipo pozula mariveti sitima ziyenera kuima. Eni mlathowo sankafuna kuti chitsulo cha mlatho wa mbiri yotere chiboolodwe kapena kuwonongedwa, ndipo njanjiyo ndi yotanganidwa.

Kunatsala kaboni, malamba opyapyala a ulusi wa kaboni woumitsidwa mu utomoni, amene pa ntchito timawatchula CFRP. Kwa a Empa sichinali chinthu chachilendo. Ndi iwo amene mu 1991 anamata malamba otere koyamba pa mlatho wa konkire wa Ibach kufupi ndi Lucerne, pomwe makilogalamu osakwana 7 a kaboni anagwira ntchito imene ikanafuna makilogalamu 175 a chitsulo. Pofika nthawi ya ntchito ya ku Münchenstein, ku Britain anali atamata kale kaboni pa milatho yakale yachitsulo, monga Tickford Bridge wa mu 1810 ndi Hythe Bridge wa ku Oxford, ndipo bungwe la kumeneko la kafukufuku wa zomangamanga, CIRIA, linatulutsa malangizo a ntchitoyi mu 2004. Ubwino wake ndi wodziwika. Kaboni amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chitsulo, sachita dzimbiri, satopa msanga, ndipo lamba wamba amafika cha pa MPa 2,800 asanaduke (MPa ndi muyeso wa kukokeka kapena kupanikizika kwa chinthu). Lamba wotambalala mamilimita 50, wochindikala mamilimita 1.2, salemera ngakhale magalamu 100 pa mita. Munthu mmodzi amakwera naye pa makwerero atamukulunga paphewa.

Koma atayang'ana kunsi kwa mtandawo zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Guluu amafuna malo osalala. Kunsi kwa mtanda wa mariveti kuli mitu ya mariveti ili mbwee, mzere ndi mzere, ndipo lamba wouma sangagone pamenepo. Ngakhale pakanapezeka kanjira kosalala pakati pa mizereyo, kumata kumafuna kupala penti yonse ndi mchenga mpaka chitsulo chiyere mbee, n'kumata msanga dzimbiri lisanabwerere. Milatho ya zaka zimenezo kawirikawiri imakhala ndi penti ya mtovu, ndiye fumbi lake silingasiyidwe kugwera mumtsinje. Ndipo ukamata wamata, mwini mlatho sangachotse kuti aone chimene chikuchitika pansi pake.

Pali chifukwa china chachikulu kuposa zonsezi, chimene ndikuona kuti ambiri timachilumpha. Tiyerekeze kuti kumata kunatheka. Malamba atatu a msinkhu uja ali ndi nyama yokwana masikweya milimita 180 okha, pamene flange ya mtanda wa mlatho ili ndi masauzande. Kuuma kwa kaboni wamba ndi cha pa GPa 165 (GPa imodzi ndi MPa 1,000), kutsikirako pa chitsulo chimene chili cha pa 200. Ndiye lamba womata chabe amatanuka limodzi ndi chitsulo n'kulandira kagawo kochepa zedi ka katundu. Chitsulo chikakhala pa MPa 60, kaboniyo ali pa 50, chikhalirecho akhoza kufika 2,800. Wagula ng'ombe yamphamvu n'kuisenzetsa dengu la ndiwo. Kuwonjezera apo, katundu wa mlatho weniweniwo, amene chitsulo chinasenza kale musanabwere, lamba womata samugwira n'komwe.

Pamene nkhani inatembenukira

Gululo linasiya kufunsa momwe lingamatire n'kuyamba kufunsa chimene mtandawo ukufuna. Kutopa kwa chitsulo kumadalira zinthu ziwiri: kukula kwa kusintha pakati pa kukokeka kwakukulu ndi kwakung'ono, ndi mlingo wa pakati pomwe kusinthako kukuchitikira. Choyambacho n'chovuta kuchichepetsa popanda kuwonjezera chitsulo chambiri. Chachiwiricho chimatsika ngati mwapanikiza flange ya pansi pasadakhale. Sitima ikabwera kudzakoka, iyambe yathetsa kupanikizako isanayambe kutsegula m'mphepete mwa bowo. Pa chojambula chimene timagwiritsa ntchito, pomwe kusintha kumawerengedwa chokwera m'mwamba ndipo mlingo wa pakati cholowera kumanja, chokhala ndi mzere wa Goodman wolekanitsa dera lotetezeka ndi dera loopsa, kadontho ka mtandawo sikatsika pansi ayi, kamangosunthira kumanzere mpaka kulowa m'dera limene mng'alu suyembekezeka kuyamba. Kuchokera pa mtunda umene kadonthoko kayenera kusuntha, mumapeza mphamvu yochepetsetsa yoti mukokere lamba. Apa mpamene mphamvu ya kaboni ija imagwira ntchito, chifukwa mumamukoka dala asanalandire sitima.

Ndipo ngati chofunika ndi kukoka, guluu alibenso ntchito. Chofunika ndi pogwira kumapeto awiri.

Chimene anapanga ndi ichi. Kumapeto onse a mtanda anaika zopanira zachitsulo zimene zimaluma flange ya pansi ndi mabawuti omangidwa kunja kwa chitsulo cha mlatho, popanda kuboola. Zopanira zomwezo zimagwiranso malamba atatu a kaboni. Palibe guluu paliponse, chogwira ndi kukhakhala kwa zitsulo zopanikizana basi. Malambawo amayamba ali lende pansi pa mtanda, osakhudza mitu ya mariveti. Kenako pamalo awiri pakati pa zopanirazo amawakankhira pansi, kutali ndi mtanda, n'kulowetsa tinsanamira towagwira pamenepo. Woimba bangwe amadziwa zimenezi: akafuna kuti nsambo ikungike amalowetsa kamtengo pansi pake, ndipo kamtengoko kakatalika nsambo imakungikanso kwambiri. Momwemonso apa, mpata wa pakati pa lamba ndi mtanda ukamakula lamba amakungika. Simufunika jeke wamkulu wokoka lamba motsata utali wake, amene pansi pa mlatho alibe pokhala. Mphamvu yaing'ono yokankhira pansi imabala mphamvu yaikulu yokoka. Lamba akakungika amakoka zopanira kuti ziyandikane, motero flange imapanikizika, ndipo tinsanamira tija timakankha mtanda m'mwamba, kutsutsana ndi kulemera kwa sitima.

Pamene lamba akupindikira pa kansanamira anaika chokhalira chokhota bwino. Musachipeputse chimenechi. Kaboni ndi wamphamvu motsata ulusi wake, koma akapanikizidwa m'mbali kapena kupindidwa pa ngodya yakuthwa amang'ambika ngati nzimbe, mosachenjeza. Chitsulo chimayamba chapindika kukuuzani kuti chalemedwa. Kaboni amangoti thyo.

Sanathamangire ku mlatho. Anayamba ayesa m'chipinda choyesera cha Empa ku Dübendorf, pa mitanda ya msinkhu weniweni. Ina anaiboola dala pa flange kuti ifanane ndi ya mariveti, n'kuipinda ndi makina kambirimbiri mpaka kufika m'mamiliyoni, pofuna kuona ngati masamu awo a mphamvu yochepetsetsa akugwirizana ndi chitsulo chenicheni, ndiponso ngati zopanira zingatereke. Zotsatira zinagwirizana ndi masamuwo, ndipo zopanira zinagwira.

Pa mlatho penipeni

Ntchito yonse inachitikira kunsi, sitima zikudutsa pamwamba monga mwa masiku onse. Panalibe kupala penti, panalibe kudikira guluu kuti aume, panalibe kuopa mvula kapena chinyezi pa tsiku lomata. Malamba anakungidwa kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene angadukire. Mukawerengera, lamba mmodzi wa mamilimita 50 pa mlingo umenewo akukoka ndi mphamvu yoposa matani 5. Kusiya magawo awiri osagwiritsa ntchito sikuwononga ayi. Ndi malo a sitima, a kutentha, ndi a zolakwika za anthu.

Anayeza kutanuka kwa chitsulo asanaike malamba ndi ataika. Monga ankayembekezera, kusintha kwa kukokeka sitima ikamadutsa kunangotsika pang'ono, koma mlingo wa pakati unatsika kufika pomwe ankafuna. Munthu wosadziwa cholinga akanayang'ana choyambacho n'kunena kuti ndalama zalowa m'madzi.

Anasiya tizipangizo toyeza kukokeka kwa malamba, kutentha ndi chinyezi, totumiza zotsatira popanda mawaya, kuti aone mmene zinthu zikhalire kwa miyezi yambiri. Funso lalikulu linali lakuti kodi malamba adzamasuka. Sanamasuke mwa kutereka. Chimene chinaoneka ndi kupuma kwa tsiku ndi tsiku: kukatentha kukokeka kumakwera, kukazizira kumatsika. Chifukwa chake n'chosavuta. Chitsulo chimatalika ndi magawo 12 pa miliyoni pa digiri iliyonse, pamene kaboni motsata ulusi wake satalika n'komwe. Mtanda ukatalika umakoka lamba. Muwerengere nokha: kusintha kwa madigiri 30 kumasintha kukokeka kwa lamba ndi MPa pafupifupi 60, pa lamba amene ali cha pa 900. Sizoopsa, koma zikutanthauza kuti chitetezo chimachepa nthawi yozizira, yomwenso chitsulo chakale chimakhala chosachedwa kuthyoka. Kwathu kuno, wokunga lamba masana a October, chitsulo chili juu, adziwe kuti m'mawa wa June lambayo sadzakhala pomwe anamusiya. Kutentha kwa chitsulo pa ola lokunga kulembedwe, ndipo masamu achitidwe pa tsiku lozizira kwambiri.

Zimene ndikuona ine

Njirayi sikuti imachiza chilichonse. Sibwezera nyama imene dzimbiri ladya. Flange ikadyeka theka, kapena mariveti akalekerera, yambani ndi zimenezo. Flange yopyapyala ndi dzimbiri singapirirenso kulumidwa ndi chopanira. Komanso mphamvu imene mwaika mu lamba siisowa, imakathera kwina, choncho m'mphepete mwa zopanira ndi polumikizira mtanda kumapeto payenera kuwerengeredwanso. Ndipo kaboni akakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, chitsulo ndicho chimadyeka msanga, ngati mmene zimakhalira mu batire. Omata amaika guluu wokwanira kapena nsalu ya ulusi wa galasi pakati. Pa njira yosamata malo okhudzana ndi ochepa, m'zopanira ndi pa zokhalira, koma ayenera kutetezedwa ndi kuyenderedwa.

Kwathu kuno milatho ya mariveti ilipo. Wa pa Victoria Falls, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, unatsegulidwa mu 1905. Wa Dona Ana pa Zambezi ku Mozambique ndi wa m'ma 1930. Nyumba zakale za mafakitale a tiyi ndi fodya nazonso zili ndi mitanda yonyamula makina onjenjemera usana ndi usiku. Chimene chimandikopa pa njira yosamata n'chakuti imachotsa mbali imene ife ingativute kwambiri. Guluu womatira kaboni, wotchedwa epokisi, woumira pa kutentha wamba amayamba kufewa cha pakati pa madigiri 50 ndi 60. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mpweya wokha umapitirira 40, nanga chitsulo chakuda chili padzuwa? Ndiye wonjezerani fumbi, kusungidwa kwa guluu m'kontena yotentha kwa miyezi, ndi kusowa kwa makina abwino opalira. Msoko wa guluu ukalakwika suoneka ndi maso mpaka tsiku lomatuka. Chopanira chikalakwika umachiona, umachiyeza ndi sipanala, umachimanganso. Zopanirazo amisiri athu odziwa makina osema zitsulo angathe kuzipanga, bola zikayesedwe kaye zisanakwere pa mlatho.

Koma ubwino womwewo, woti zonse zimamasulika ndi sipanala, kwathu kuno ndi chiopsezo. Tonse tikudziwa kumene mabawuti a milatho ndi a nsanja za magetsi amathera. Munthu womasula chopanira lamba ali chikungire sangoba chabe, akhoza kuvulala koopsa, ndipo mtanda ubwerera pa matenda ake popanda wodziwa. Manati osamasulika ndi chotchinga cholimba ziyenera kulowa mu mtengo wa ntchito kuyambira pachiyambi. Moto wa tchire pansi pa mlatho nawo ndi mdani, poti utomoni wa lamba supirira moto.

Vuto lina linaonekera pa kapangidwe komweko. Kukankhira malamba pansi kumafuna mpata kunsi kwa mtanda. Ku Münchenstein kunsi kuli mtsinje, ndiye mpata unalipo. Pa mlatho wodutsa pamwamba pa msewu, malole angakokolole zonse, ndipo pa mtsinje wosefukira mitengo yobwera ndi madzi ingachite chimodzimodzi. Gulu lomwelo linapanganso mtundu wina umene malamba amagona chafulati kufupi ndi flange, okungidwa ndi jeke wochotseka ntchito ikatha. Mtundu umenewo anakauika pa Diamond Creek Bridge kufupi ndi Melbourne ku Australia, mlatho wa msewu wa zaka zoposa 120, ndipo kumeneko mitanda ina anaimata ndi kaboni wouma kwambiri kuti njira ziwirizo aziyeze pa mlatho umodzi, pansi pa lole imodzimodzi ndi dzuwa limodzimodzi.